MSEU WAKALE WA ZOMBA, LIWONDE NDI BALAKA

Lero tikambirana za mbiri ya mseu umodzi umene ambiri a inu munayendapo, wochokera ku Zomba, kudzera pa Machinga ndi Liwonde, mpaka kukafika ku Balaka. Koma tiyambe tapita kutali pang'ono.

Ku America kuli mseu wotchuka wotchedwa Route 66. Unakhazikitsidwa m'chaka cha 1926, ndipo unkachokera ku Chicago kukathera kufupi ndi Los Angeles, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,900. M'zaka za m'ma 1930 alimi osauka amene minda yawo inaonongeka ndi chilala anathaŵira ku California podzera mu mseu umenewu. Pambuyo pake boma linamanga miseu ina yaikulu yolambalala timatauni ta m'njira, kotero kuti malo ogona alendo ndi omwetsera mafuta anayamba kutsekedwa. Mu 1985 mseuwo unachotsedwa pa mndandanda wa miseu yaikulu ya dzikolo. Komabe mpaka lero anthu amanyamuka dala kukauyenda, osati chifukwa cha changu, koma kuti aone kumene makolo awo anadutsa. Kodi ife tilibe mseu woyenera ulemu wotere?

Tinyamuke ku Zomba. Tikadutsa Domasi ndi Malosa tifika pa boma la Machinga, limene achikulire amalikumbukira ndi dzina lakale la Kasupe. Kuchokera apa mseu umatsetsereka mokhotakhota pakati pa mapiri, ndipo kutsogolo kumaoneka chigwa cha Shire ndi milambe yake. Njira zoyamba m'dera lino sizinalambulidwe ndi azungu ayi. Zinali za amalonda a Chiyao amene ankanyamula minyanga ya njovu kupita kugombe la nyanja yamchere, nabwerako ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Tisabise kuti m'njira zomwezo munkadutsanso akapolo. Pamene Harry Johnston anakhazikitsa boma la Atsamunda, asilikali ake anamenyana ndi mfumu Liwonde mu 1893, ndipo mu 1895 anagonjetsa Kawinga pa phiri la Chikala. Zitatha nkhondozi, njira yochokera ku Zomba kupita ku Fort Johnston, kumene tsopano timati Mangochi, inakhala ya boma. Koma amene anaiyendadi anali amtengatenga, osenza katundu pamutu ndi onyamula azungu pa machila, thukuta lili kamukamu.

Nthaŵi imeneyo katundu wambiri wopita kunyanja ankayenda pa sitima zapamadzi mumtsinje wa Shire, kuyambira pa Matope. Koma madzi a m'nyanja ya Malaŵi anaphwera kwambiri, mwakuti kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 Shire analeka kutuluka bwino m'nyanjamo. Sitima zitalephera kuyenda, mseu ndiwo unasenza mtolo wonse, ndipo pang'onopang'ono malole anayamba kulanda ntchito ya amtengatenga.

Tafika pa Liwonde. Achinyamata amene amawoloka Shire m'kanthaŵi kochepa sadziŵa kuti kale galimoto zinkaima pagombe kudikira pantoni. Zinthu zinasintha mu 1965 pamene anamanga Kamuzu Barrage, imene ili ndi ntchito ziŵiri: ndi mlatho, komanso ndi chitseko choyendetsera madzi opita ku makina opangira magetsi kumunsi kwa mtsinje, monga a pa Nkula. Mu 1970 njanji yochokera pa Nkaya inawoloka pomwepa kuloŵera ku Nayuchi ndi ku doko la Nacala, ndipo mu 1973 kunakhazikitsidwa nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde. Motero malo amene anali dooko chabe anasanduka tauni.

Tikawoloka mlatho, mseu umagaŵikana. Wakumanja ukupita ku Ulongwe ndi Mangochi. Ife titsata wopita ku Balaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 m'dziko lotentha la thonje. Balaka anakula chifukwa cha njanji yopita ku Salima imene inatsegulidwa mu 1935. Pamenepa mseu ndi njanji zinakumana, ndipo sitolo, msika ndi malo ogona alendo zinatsatira. Kwa zaka zambiri dera lonseli linali mbali ya Machinga, kufikira mu 1998 pamene Balaka anakhala boma paokha.

Masiku aulemerero a mseuwu anali pamene likulu la dziko linkasamuka kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, mzinda umene unakhala likulu mu 1975. Akalaliki a boma, mabanja awo, mipando ndi mabuku a m'maofesi zinadzera pa Liwonde ndi Balaka. Amene anakwerapo mabasi a UTM akukumbukira momwe basi ikaima amayi ankathamangira pazenera ndi nthochi, mazira ophika ndi nsomba zokazinga, ndiponso momwe apaulendo ankamangirira chambo kutsogolo kwa galimoto kuti chiombedwe mphepo. Ndalama za m'mazenera amenewo zinaphunzitsa ana ambiri.

Lero ambiri ochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe amadzera ku Zalewa ndi Phalula, nakatulukira pa Chingeni osaiona tauni ya Balaka kapena mlatho wa Liwonde. Nzosadandaulitsa kuti ulendo unafupika, ndipo mseu wathu sunafe monga unachitira wa ku America, pakuti anthu a ku Zomba, Machinga ndi Mangochi akuudalirabe tsiku ndi tsiku. Chimene chili pangozi ndi mbiri yake. Oyendetsa pantoni, madalaivala a mabasi akale ndi amayi amene ankagulitsa pa mazenera akutha mmodzimmodzi, ndipo zimene akudziŵa sizinalembedwe m'buku lililonse.

Choncho pempho langa kwa inu aphunzitsi ndi ana a sukulu a m'mbali mwa mseuwu ndi ili: pitani kwa agogo anu, afunseni pamene panali dooko lakale, dzina la malo alionse amene basi inkaima, ndi masiku amene ulendo wa ku Zomba unkatenga poyenda pansi. Lembani zimene akuuzeni. Paja akuluakulu anati mau a akulu akoma akagonera. Koma sangagonere ngati palibe amene anawasunga.