Madzi Saiwala Khwawa: Mbiri ya Nyanja ndi Mitsinje ya Kwathu

Anzanga amene tinaphunzira limodzi, lero ndafuna tikumbutsane mbiri ya madzi a kwathu ku Dwambazi, pakuti mudzi wokhala pakati pa mapiri ndi nyanja uyenera kuwadziwa madzi ake monga momwe mlimi amadziwira munda wake.

Nyanja yathu siikhala malo amodzi. Kuchokera m'chaka cha 1915 kufikira 1935 madzi anali otsika kwambiri kotero kuti analeka kutulukira mu mtsinje wa Shire. Pambuyo pake, mu 1980, anakwera nafika pafupifupi mamita 477 pamwamba pa nyanja ya mchere. Akuluakulu a m'mbali mwa nyanja amakumbukira minda ndi madooko amene anamira nthawi imeneyo. Pofika 1997 madzi anali atatsikanso ndi mamita ngati anayi, gombe linakula, ndipo anthu ambiri anamanga pa mchenga umene nyanja inausiya. Tsono mu 2024 madzi anapitiriranso mamita 476 nalowa m'nyumba zija. Chaka chomwecho, kumapeto kwa mwezi wa February, mtsinje wa Dwangwa unasefukira m'dera la Mfumu Kanyenda, anthu ena anataya miyoyo, zikwi za anthu zinathawira m'misasa, ndipo msewu wa M5 unaduka.

Ine ndikayang'ana zaka zimenezi ndimaona chinthu chimodzi. Nzeru yopewera ngozi inalipo, koma inali yogawanika. Akatswiri anali ndi manambala m'mabuku awo, agogo athu anali ndi chikumbumtima cha mtengo umene madzi anafikapo, koma awiriwa sanakhale pa mphasa imodzi.

Dziko lathu linayamba kuphunzira mowawa. Mu March 1989 chivomerezi chinagwetsa nyumba ku Salima. Mu March 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe napha anthu mazanamazana, ndipo chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Lamulo latsopano linadza mu 2023, chaka cha namondwe wa Freddy.

Nazo sukulu za ukachenjede zinayamba kutulukira kumidzi. Zitachitika zivomerezi za ku Karonga mu December 2009, funso la kamangidwe ka nyumba linakula. Patapita zaka, akatswiri a ku Polytechnic ku Blantyre pamodzi ndi anzawo a ku yunivesite ya Bristol anayendera nyumba za anthu wamba, natenga njerwa zoumba amisiri akumudzi kukaziyesa mphamvu. Anaona kuti khoma lomangira dothi limagonja msanga likagwedezeka. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa ofufuza ena anakhala pansi ndi anthu nalemba zizindikiro zimene eni dera amaonera kuti madzi akubwera. Ndipo sukulu ya MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, inayamba kuphunzitsa achinyamata za kasamalidwe ka ngozi zotere.

Nanga kwathu kuno tingatani? Maganizo anga ndi awa. Ophunzira a m'sukuluzi, makamaka a ku Mzuzu amene tili nawo pafupi, azibwera pa tchuthi nayenda ndi akuluakulu a m'midzi, kuti aonetsedwe pamene madzi anafika mu 1980 ndi mu 2024. Malo amenewo alembedwe chizindikiro chooneka, ndipo mapu ajambulidwe m'Chichewa ndi m'Chitonga, kuti mfumu ikamagawa malo idziwe poyenera kumanga ndi poyenera kungolima. Kumtunda kwa mtsinje wa Dwambazi kuzikidwe mitengo yoyezera madzi, ndipo anthu a komweko aphunzitsidwe kuiwerenga ndi kuimbira lamya anzawo a kumunsi madzi akafika pa mzere woopsa. Mvula ikhoza kugwa ku mapiri usiku ife kunyanja tikuona nyenyezi, ndipo ola limodzi la chenjezo ndi lokwanira kunyamula ana ndi okalamba.

Koma mgwirizano uyenera kukhala wa mbali ziwiri. Wofufuza asamangotenga mayankho nakalandira digiri yake osabweranso. Zimene wapeza azidzazifotokoza pa bwalo la mfumu ndi ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, m'chiyankhulo chimene aliyense angamve. Nafenso eni mudzi tisamabise zimene tidziwa, ngakhale zitatanthauza kuti nyumba ina iyenera kusamukira ku mtunda.

Ife ophunzira akale tili ndi mwayi wodziwa mbali zonse ziwiri. Ena mwa ife ndi aphunzitsi, ena amisiri, ena anamwino, koma tonse tinamwa madzi a mtsinje umodzi. Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu waukulu ukudzawu tisankhe anthu oti akalankhule ndi mafumu ndiponso akuluakulu a sukulu za ukachenjede, mvula ya chaka chino isanayambe. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga.