Zoseweretsa za makanda

Zoseweretsa za makanda ndi zinthu zimene mwana wosakwana chaka chimodzi amapatsidwa kuti aziyang'ana, kumvetsera, kugwira, kugwedeza kapena kuluma. Zina zimagulidwa m'sitolo ndi pamsika, zina zimapangidwa pakhomo, ndipo zina ndi ziwiya wamba za m'nyumba monga chikho, mthiko ndi mbale. Choseweretsa chimakhala choyenera ngati chikugwirizana ndi zimene mwanayo wayamba kutha kuchita pamsinkhu wake, ngati sichingamutsamwitse kapena kumuvulaza, komanso ngati chingatsukidwe. Kukwera mtengo sikuchititsa kuti chikhale chabwino. M'madera akumudzi ku Malawi, monga kwa Mfumu Yaikulu Mwambo m'boma la Zomba, makanda amasewera kwambiri ndi zinthu zopezeka pakhomo, choncho kusankha kwa makolo kumagona pa kudziwa chimene angamupatse mwana ndi chimene ayenera kumubisira.

Kufunika kwa masewera

Ubongo wa mwana umakula mofulumira kwambiri m'zaka zitatu zoyambirira. Khanda silingaphunzire pomva malangizo. Limaphunzira poona, pomva, pokhudza ndi poika zinthu m'kamwa. Likagwedeza maseche n'kumva phokoso, limayamba kuzindikira kuti dzanja lake ndi limene lachititsa phokosolo. Likaponya supuni pansi kambirimbiri, limakhala likuyesa ngati zimene zachitika koyamba zichitikenso.

Umboni wodziwika bwino pa nkhaniyi unachokera mumzinda wa Kingston ku Jamaica. Mu 1986 ndi 1987, Sally Grantham-McGregor ndi anzake anayamba kafukufuku pa ana 129 opinimbira a miyezi 9 mpaka 24. Ena mwa anawo ankayenderedwa mlungu uliwonse kwa zaka ziwiri ndi alangizi a zaumoyo, amene ankaphunzitsa amayi kusewera ndi kuyankhula ndi ana awo pogwiritsa ntchito zoseweretsa zopanga pakhomo. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2014 zinasonyeza kuti patatha zaka pafupifupi 20, ana amene ankayenderedwa aja ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo opinimbira amene amayi awo sanaphunzitsidwe zimenezi.

Mu 2012 mabungwe a WHO ndi UNICEF anatulutsa malangizo otchedwa Care for Child Development. Malangizowa amalimbikitsa ziwiya zoyera za pakhomo ndi zidole zosoka pamanja, ndipo amaika mtima pa munthu amene akusewera ndi mwanayo. Choseweretsa pachokha chimathandiza pang'ono ngati palibe womuyang'ana mwana m'maso, kumuyankhula ndi kumuyankha akatulutsa mawu.

Kusankha molingana ndi msinkhu

Ana sakula mofanana. Kafukufuku wa WHO amene anatuluka mu 2006 anapeza kuti ana athanzi amayamba kukhala okha pakati pa miyezi 4 ndi 9, ndipo amayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 8 ndi 18. Miyezi imene yalembedwa m'munsimu ndi yongoyerekezera. Chofunika kwambiri ndi kuona zimene mwanayo akuchita.

Kuyambira pobadwa mpaka miyezi 3. Khanda longobadwa kumene limaona bwino zinthu zimene zili pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, umene ndi wofanana ndi mtunda wa pakati pa maso ake ndi nkhope ya mayi poyamwa. Limakopeka ndi nkhope za anthu komanso mitundu yosiyana kwambiri monga yakuda ndi yoyera. Pamsinkhu umenewu silitha kugwira chinthu mwadala, choncho nkhope, mawu ndi nyimbo zotonthoza mwana n'zokwanira. Wamkulu akhoza kuyendetsa pang'onopang'ono chitenje cha maluwa owala patsogolo pake kuti azichitsatira ndi maso. Ana ambiri amayamba kumwetulira akaona nkhope akakwanitsa miyezi pafupifupi 2.

Miyezi 3 mpaka 6. Mwana amayamba kutambasula dzanja kuti afikire chinthu, kuchigwira ndi kuchipititsa kukamwa. Zoyenera ndi zinthu zopepuka zimene kadzanja kake kangagwire koma zosalowa zonse m'kamwa, monga maseche otsekedwa bwino, mpira wansalu, kapena mkombero waukulu wosalala. WHO mu 2019 inalangiza kuti mwana amene sanayambe kukwawa azigonekedwa chafufumimba ali maso kwa mphindi zosachepera 30 pa tsiku, mogawa nthawi. Kuika choseweretsa patsogolo pake pa nthawiyi kumamuchititsa kudzutsa mutu, ndipo khosi ndi mapewa zimalimba.

Miyezi 6 mpaka 9. Mwana amakhala pansi, amasuntha chinthu kuchoka dzanja lina kupita lina, ndipo amakonda kumenya ndi kugwetsa zinthu. Mano oyamba amamera cha pamenepa, motero amaluma chilichonse. Mbale ndi supuni yamtengo, kapu yapulasitiki, chivundikiro cha poto ndi chikho chosalala zimamukwanira.

Miyezi 9 mpaka 12. Mwana amakwawa, amaimirira atagwira chinthu, ndipo amayamba kutola tinthu ting'onoting'ono ndi chala chachikulu ndi cholozera. Amazindikiranso kuti chinthu chikabisika sichinathe, nkhani imene katswiri wa ku Switzerland, Jean Piaget, anaifotokoza kwambiri. Masewera oyenera ndi kubisa chidole pansi pa nsalu kuti achifune, kubisa nkhope ndi chitenje n'kuitulutsa, kulowetsa zinthu zikuluzikulu m'beseni n'kuzitulutsa, ndi kusanja makapu. Pamsinkhu umenewu ngozi yotsamwa imakula chifukwa mwana amatha kudzipezera yekha zinthu pansi.

WHO imalangizanso kuti mwana wosakwana chaka asamaonetsedwe kanema pa foni kapena pa wailesi yakanema.

Ngozi zofunika kuzipewa

Kutsamwa. Njira ya mpweya ya khanda ndi yopapatiza. Ku United States, choseweretsa cha mwana wosakwana zaka 3 chimayesedwa ndi kachubu kotakata masentimita 3.17, ndipo chilichonse cholowa chonse m'kachubuko chimaletsedwa. Chitsekerero cha botolo la zakumwa chili pafupi ndi muyeso umenewu, motero sichoyenera. Ndalama zachitsulo, mikanda, mabatani, timiyala, mtedza, nyemba ndi chimanga n'zoopsanso.

Kubanika. Majumbo ndi zibaluni zophulika zikhoza kutseka mphuno ndi pakamwa. Mwana akamagona agonekedwe chagada, ndipo pamalo ogonapo pasakhale zidole zofewa kapena mapilo.

Zingwe. Chingwe chimene chingazungulire khosi la mwana n'choopsa, kaya chili pa choseweretsa, pa mkanda wa m'khosi kapena pa neti yoteteza ku udzudzu.

Poizoni. Utoto wina wamafuta umakhala ndi mtovu, umene umaononga ubongo wa mwana ngakhale utalowa wochepa m'thupi. Zinthu zopakidwa utoto wosadziwika kapena umene ukusupuka zisapatsidwe kwa khanda. Njere za nsatsi zili ndi poizoni woopsa ndipo zisaikidwe m'maseche.

Mabatire. Zidole zoimba ndi zowala, matochi ang'onoang'ono ndi mawotchi zimakhala ndi timabatire tooneka ngati batani. Kabatire kotere kakakhazikika kum'mero kakhoza kuwotcha mnofu pasanathe maola awiri. Mwana amene akuganiziridwa kuti wakameza athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo.

M'dera la Mfumu Yaikulu Mwambo

Dera la Mwambo lili kum'mawa kwa mzinda wa Zomba, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa chakumadzulo. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi, ndi yosazama, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Doko la Kachulu lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Zomba. Anthu a m'derali amadalira usodzi wa matemba, makumba ndi milamba, ulimi wa mpunga m'madambo ndi kusikimu ya Likangala, komanso ulimi wa chimanga. Nyanjayi inaphwa mu 1968, 1995 ndi 2018, ndipo ikaphwa mabanja odalira nsomba amasowa popezera ndalama. M'banja lotere ndalama imayamba yapita ku chakudya, sopo ndi sukulu, osati ku zidole. Izi sizitanthauza kuti mwana asowe choseweretsa.

Zinthu zimene zingapangidwe kapena kupezeka pakhomo ndi monga izi:

Maseche a botolo laling'ono lapulasitiki lotsukidwa bwino. Mkati muikidwe mpunga wouma pang'ono, ndipo chitsekerero chimangidwe mwamphamvu n'kusokereredwa m'nsalu kuti mwana asachitsegule. Botolo limene munali mankhwala a mbewu, palafini kapena petulo lisagwiritsidwe ntchito ngakhale litatsukidwa.

Mpira kapena chidole cha zidutswa za chitenje zotsala kwa telala. Maso ndi pakamwa zisokedwe ndi ulusi m'malo moika mabatani kapena mikanda.

Mthiko kapena chipande chaching'ono chosalala, chopanda zibanthu.

Chikho chosang'ambika, makapu ndi mbale zapulasitiki zosasweka.

Kumudzi khanda limaleredwa ndi anthu ambiri. Mayi akapita kumunda wa mpunga kapena kokayanika nsomba, mwana amakhala kumsana kapena amatsala ndi agogo ake ndi azikulu ake. Ana okulirapo amakhala ndi zoseweretsa zawo zodzipangira monga galimoto zamawaya, ng'ombe zadongo, mpira wachikulunga ndi zitsekerero za mabotolo. Zimenezi n'zabwino kwa eni akewo koma si za khanda. Waya amabaya, dongo limanyenyeka m'kamwa, ndipo mpira wachikulunga umapangidwa ndi majumbo ndi zingwe. Mlezi wamng'ono amafunika kuuzidwa momveka zinthu zimene sayenera kumupatsa mwana.

Pakhomo la msodzi pamakhala zoopsa zinanso: mbedza, ulusi wa ukonde, zidutswa zoyandamitsira ukonde, minga ya nsomba ndi zigoba za nkhono. Mwana wokwawa asasiyidwe pamalo osokera maukonde kapena oyanikira nsomba. Beseni kapena ndowa yokhala ndi madzi ochepa ikhoza kumiza khanda, choncho masewera a m'madzi amafuna wamkulu pafupi nthawi zonse.

Zidole zogula zimapezeka m'misika monga wa Jali ndi wa mumzinda wa Zomba, zatsopano zapulasitiki komanso za pakaunjika. Zambiri sizikhala ndi chizindikiro chonena msinkhu woyenera. Wogula akhoza kukoka maso, mateyala ndi tizigawo tina kuti aone ngati tikuthothoka, kupapasa m'mbali ngati muli mwakuthwa, ndi kuona ngati malo a batire ndi otsekedwa ndi sikuluwu. Chidole chansalu cha pakaunjika chichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa chisanafike kwa mwana.

Ukhondo

Chilichonse chimene khanda lagwira chimathera m'kamwa, motero choseweretsa chakuda chimafalitsa tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba. Kafukufuku amene anachitika m'midzi ya ku Zimbabwe n'kusindikizidwa mu 2013 anaona makanda ena akudya dothi ndi zitosi za nkhuku posewera pabwalo. Kuyala mphasa kapena mkeka woyera, kusesa pabwalo ndi kuingitsa nkhuku kumachepetsa vutoli, ngakhale sikulithetseratu.

Dera lozungulira nyanja ya Chilwa lakhala likukhudzidwa ndi kolera kawirikawiri, moti mu 2016 kunachitika kampeni yopereka katemera wakumwa kwa asodzi ndi anthu a m'mbali mwa nyanjayi. Pa chifukwa chimenechi zoseweretsa zitsukidwe ndi sopo ndi madzi a pamjigo, owiritsa kapena othira kolorini, osati a m'nyanja kapena a m'ngalande za mpunga. Zikatsukidwa ziyanikidwe pathandala. Choseweretsa chosweka kapena chong'ambika chitayidwe.

Zizindikiro zofunika kupita nazo kusikelo

Masewera amathandizanso makolo kuona msanga ngati mwana ali ndi vuto. Ndi bwino kuuza namwino kapena mlangizi wa zaumoyo ngati mwana sadzidzimuka akamva phokoso lalikulu, satsatira chinthu ndi maso pofika miyezi 3, safikira zinthu pofika miyezi 6, sakhala yekha pofika miyezi 9, amagwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha, kapena wasiya kuchita zimene ankatha kale. Mwana wobadwa masiku asanakwane amachedwerapo pang'ono. Anthu a kwa Mwambo amapeza thandizo kusikelo za m'midzi, kuchipatala cha Pirimiti kufupi ndi Jali, ndiponso kuchipatala chachikulu cha Zomba. Mwana wolumala amafunikanso kusewera, ndipo zoseweretsa zake zimasankhidwa potengera zimene akutha kuchita osati miyezi yake.

Malamulo ndi ndondomeko

Ndime 31 ya pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989 imati mwana aliyense ali ndi ufulu wosewera. Dziko la Malawi linavomereza panganoli mu 1991. Boma linakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya kaleredwe ndi kakulidwe ka ana ang'onoang'ono mu 2003, ndipo ina inatuluka mu 2017. Sukulu za mkombaphala zimene zimayendetsedwa ndi anthu a m'midzi zimalandira makamaka ana a zaka 3 mpaka 5, kotero masewera a khanda amadalira kwambiri banja. Mu 2010 Melissa Gladstone ndi anzake anasindikiza njira yoyezera kakulidwe ka ana yotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool. Njirayi inakonzedwa m'midzi ya m'chigawo chakummwera ndipo imagwiritsa ntchito zinthu zimene ana a kumudzi amazidziwa kale.

Onaninso

Kakulidwe ka mwana
Kuyamwitsa
Sukulu za mkombaphala
Nyanja ya Chilwa
Boma la Zomba