Kuchokera ku Nsadzu kufika pa ngongole ya dziko

Midzi ya Mfumu Mlolo ili m'boma la Chadiza, kufupi ndi malire a Mozambique, kutali ndi Lusaka kumene zinthu zimagamulidwa. Mbiri ya mpingo m'dera lino ikuonetsa kuti Akhristu anafulumira kusamalira osowa, koma anachedwa kuphunzira kuwalankhulira, ndipo ntchito yoyambayo sikanakwanira popanda yachiwiri.

Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State anakhazikika ku Magwero mu 1899. Mu 1905 anayamba kuphunzitsa osaona pomwepo, ndipo mu 1908 anatsegula Nsadzu, m'boma lomwe lino la Chadiza, malo amene anadzadziwika ndi kusamalira odwala khate. Tisapeputse zimenezi. Wakhate ankamangiridwa kanyumba kunja kwa mudzi, kudyera m'mbale yakeyake, ndipo womusambitsa mabala ankachita chimene ngakhale abale ake ankachiopa. Koma m'zaka zomwezo kampani ya North Charterland inali itatenga dziko lalikulu lozungulira Fort Jameson, Chipata ya lero. Achewa ndi Angoni anathithikana m'timadera timene boma la atsamunda linawapatulira, nthaka inaguga, ndipo msonkho unathamangitsira amuna ku migodi ndi minda ya azungu ku Southern Rhodesia. Chipatala cha mishoni sichinabwezere munthu munda wake. Ndiponso mpingo umene unatuma amishoniwo ndi womwewo umene kwawo unkaikira kumbuyo tsankho la mitundu. Chifundo chinalipo ndithu, koma funso lakuti wasaukitsa anthuwa ndani silinali mbali ya ntchitoyo.

Nkhondo yapachiweniweni ya FRELIMO ndi RENAMO ku Mozambique inabweretsa funsolo pakhomo. Anthu a ku Tete anathawira ku Chadiza, Katete ndi Petauke, ambiri mwa iwo Achewa anzathu a pansi pa Kalonga Gawa Undi, amene malire a atsamunda anangowadula pakati. Midzi ya m'malire inawalandira ngakhale nayo inkaukiridwa ndi zigawenga. Mu 1987 kunatsegulidwa msasa wa Ukwimi ku Petauke, kumene bungwe la Lutheran World Federation linagwira ntchito yaikulu. Chakudya ndi mabulangete zinapulumutsa miyoyo, koma chimene chinabwezera othawawo kwawo ndi pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Pakati pa amkhalapakati panali gulu la Akatolika la Sant'Egidio ndi Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira, anthu a mpingo amene analolera kukhala pansi ndi onyamula mfuti.

Ena amati mpingo usalowerere ndale, ntchito yake ndi kupemphera ndi kuthandiza. Mantha awo ali ndi maziko, pakuti taona abusa akusanduka oimbira m'manja chipani, guwa n'kukhala nsanja ya kampeni. Koma kukometsera wolamulira ndi kumuuza zoona ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mu Julaye 1990, patangopita mwezi anthu atafa pa zipolowe za kukwera kwa mtengo wa ufa, mabishopu a Katolika ku Zambia analemba kalata yodzudzula kayendetsedwe ka chuma ndi ulamuliro wa chipani chimodzi. Anzawo a ku Malawi anachita chimodzimodzi pa 8 Malichi 1992. Anafunsidwa mafunso ndi apolisi, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu n'kuthamangitsidwa m'dziko. Wofuna mpando kapena envulopu sayenda njira yotere. Ena amatinso makalata a mabishopu ndi nkhani za m'tauni, mlimi wa kwa Mlolo sapindula nazo. Apa nkhani ya ngongole ndiyo ikuyankha.

Medardo Mazombwe, mwana wa kuno kum'mawa, anatsogolera dayosizi ya Chipata, imene Chadiza ili m'kati mwake, kuyambira 1971 mpaka 1996 pamene anakhala Arkibishopu wa Lusaka. Anadzakhala kadinala woyamba wa Chizambia mu 2010. Iye anali mmodzi wa olimbikira kuti ngongole ya Zambia, imene inali pafupifupi madola 7 biliyoni, ikhululukidwe. Mabungwe atatu a mipingo anayambitsa Jubilee 2000 Zambia mu 1998, potsamira pa lamulo la chaka cha ufulu la m'buku la Levitiko. Mfundo yawo inali yomveka ngakhale kwa wosapita kusukulu: ndalama zopita kwa okongoza akunja ndi zomwezo zimene zikusowa pa mankhwala ndi mabuku. Mu Epulo 2005 Zambia inakwaniritsa zofunika za ndondomeko ya HIPC yochepetsera ngongole za maiko osauka, gawo lalikulu la ngongole linafafanizidwa, ndipo mu Epulo 2006 boma linachotsa malipiro m'zipatala za kumidzi. Mayi wa kwa Mlolo amene kale ankayamba wagulitsa nkhuku kuti mwana aonedwe ndi adokotala anapindula ndi mkangano umene unachitikira ku Lusaka, London ndi Washington.

Mipingo sinachite izi yokha, ndipo zimene zinapezeka sizinakhalitse monga ankayembekezera. Maboma otsatira anakongolanso, ndipo mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira okongoza ake.