Dzanja Liphunzirire pa Yani?

Wogwira ntchito m'mafakitale a ku Heavy Industrial Area mu Lusaka akatemeka ndi chitsulo n'kuthamangira naye kuchipatala cha Matero kapena Kanyama, womusoka balalo ayenera kukhala atasokapo kale kwina. Nanga kwinako n'kuti?

Kwa zaka mazanamazana ophunzira ankayesera pa mitembo ndi pa odwala osauka. Ku France, mzamba Angélique du Coudray anasoka chidole cha nsalu ndi chikopa, chokhala ndi chiuno cha mayi ndi khanda lake, ndipo kuyambira 1759 anayenda nacho m'zigawo za dzikolo kuphunzitsa azamba, atatumidwa ndi mfumu Louis XV. Mu 1960 Asmund Laerdal wa ku Norway, wopanga zoseweretsa za ana, anatulutsa Resusci Anne, chidole chophunzirirapo kupumira munthu m'kamwa akasiya kupuma.

Pa zonsezi, chimene chatifika pafupi kwambiri ndi NeoNatalie, kakhanda kapulasitiki ka pulogalamu ya Helping Babies Breathe yomwe inayamba mu 2010. Amakathira madzi ofunda kuti kalemere ngati mwana wongobadwa kumene, mutu ukulendewera. Mphunzitsi amafinya kampira, mchombo n'kuyamba kugunda pakati pa zala za wophunzira. Mzamba akavundikira bwino mphuno ndi kamwa n'kupopa mpweya, chifuwa chimakwera. Akalakwitsa, chimangoti zii. Sikafuna magetsi, ndipo kamakwana m'chikwama. Ine ndimakalemekeza kuposa makina ambiri okwera mtengo.

Makompyuta anabwera ndi njira ina. Mu 1993 ku MIT, Thomas Massie ndi Kenneth Salisbury anapanga PHANToM, kachipangizo kamene kamakankha chala kuti umve kulimba kwa chinthu chimene chili pakompyuta chabe. Mu 2016 Microsoft inatulutsa HoloLens, magalasi oonetsa mafupa ndi mitsempha zikuyandama m'chipinda chomwe wayimamo.

Lusaka sinangoonerera. Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo imagwira amayi ambiri mu Zambia kuposa khansa ina iliyonse, koma madokotala odziwa opaleshoni yake ndi ochepa zedi. Choncho a Groesbeck Parham, omwe anathandiza kuyambitsa ntchito yoyeza khansayi mu 2006, anagwirizana ndi a Eric Bing a ku Southern Methodist University ndi a Richard Sullivan a ku King's College London. Anatenga Oculus Rift, magalasi a masewera a pakompyuta, n'kuikamo chipinda cha opaleshoni chofanana ndi cha kuno, chokhala ndi zida zomwe madokotala athu amagwiradi. Ophunzira a ku University Teaching Hospital anabwereza kuchotsa chiberekero mpaka ndondomeko italowa m'mutu, popanda mayi wotaya magazi. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2019.

Chikusowabe n'kukhudza. Zogwirira za masewera zimanjenjemera m'manja, koma sizikuuza kuti ulusi wakoka mopitirira kapena kuti mnofu watsala pang'ono kung'ambika. Zipangizo zotha kutero zidakali zodula, zimafuna magetsi osathimathima ndi munthu wodziwa kuzikonza. Zipatala za Kanyama, Chawama ndi Matero, zomwe kale zinali makiliniki a m'makomboni, tsopano zimachita maopaleshoni a amayi ovutika pochira, ndipo ndingakonde kuona magalasi ndi zidole zili komweko, m'chipinda choyandikana ndi wodi, kumene namwino angayeserepo asanalowe ntchito ya usiku.