Sheean Walk: Kanjira Kotchedwa Dzina la Mnyamata wa pa Sitima ya Armidale

Tawuni ya Latrobe ili kumpoto kwa chilumba cha Tasmania ku Australia, m'mbali mwa mtsinje wa Mersey, kufupi ndi doko la Devonport. Dzina la tawuniyi ndi la bwanamkubwa, Charles La Trobe, yemwe anagwirizira udindo wolamulira chilumbachi mu 1846 ndi 1847. Malo ambiri kumeneko anapata maina mwa njira yomweyo, akuluakulu a boma la atsamunda kumatchana okhaokha. Koma m'tawuni yomweyi muli kanjira ka oyenda pansi, kotalika pafupifupi kilomita imodzi ndi theka, kochokera pa chipilala cha mumsewu waukulu kulowera ku Bells Parade, kumtsinje. Dzina lake ndi Sheean Walk. Mwini dzinali sanalamulirepo munthu. Anali mnyamata wogwira ganyu m'mafamu, ndipo anamwalira ali ndi zaka 18 zokha.

Edward Sheean, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Teddy, anabadwa pa 28 Disembala 1923 ku Lower Barrington. M'banja lawo, iye anali mwana wa nambala 14. Banjali linasamukira ku Latrobe iye akadali wamng'ono, ndipo sukulu anaphunzira komweko, ya Akatolika. Mu Epulo 1941 analembetsa usilikali wapamadzi. Chaka chotsatira anamutumiza ku Sydney, komwe malo ake ogona anali m'sitima yotchedwa Kuttabul. Usiku umene sitima zing'onozing'ono za ku Japan zoyenda pansi pa madzi zinalowa padokolo n'kumiza Kuttabul, anthu 21 anafa. Teddy anali kwawo kutchuthi. Atabwerako, anamuika pa sitima yatsopano, HMAS Armidale, kuti azilonga zipolopolo mumfuti ya Oerlikon yowombera ndege.

Dzina la kanjiraka silingamveke popanda sitimayi. Armidale inali imodzi mwa sitima 60 za mtundu wa Bathurst zomwe zinapangidwa ku Australia pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Zinali zazing'ono, mamita 57 m'litali, zosathamanga kwenikweni, ndipo nyanja ikawinduka zinkapendama moti ogwiramo ntchito ankaona zakuda. Pafupifupi zonse ankazitcha maina a matawuni, ndipo iyi inatenga dzina la tawuni ya Armidale ku New South Wales. Ntchito yake inali yosaonekera: kuchotsa mabomba otcheredwa m'madzi, kusaka sitima za adani zobisala pansi pa nyanja, ndi kuperekeza sitima zonyamula katundu ndi asilikali. Armidale inayamba ntchito pa 11 Juni 1942 motsogozedwa ndi David Richards. Kwa miyezi ingapo inkaperekeza sitima m'mphepete mwa nyanja ya kum'mawa kwa Australia mpaka ku New Guinea, ngati mbusa woyenda m'mbali mwa ng'ombe. Kenako anaitumiza ku Darwin.

Pa 29 Novembala 1942 inanyamuka ku Darwin pamodzi ndi inzake, Castlemaine, kulowera ku Betano, kum'mwera kwa chilumba cha Timor. Kumeneko kagulu ka asilikali a Australia kanali katatha miyezi kakuvutitsa Ajapani kuchokera m'mapiri, ndipo kanali katatopa ndi njala ndi malungo. Cholinga chinali kukasiya asilikali ena ndi kukatenga anthu wamba a Chipwitikizi. Armidale inanyamula anthu 149: ogwira ntchito m'sitimamo 83, asilikali atatu a Australia, ndi asilikali 63 a gulu lankhondo la Adatchi la ku East Indies, ambiri mwa iwo eni nthaka a kuzilumba zomwe lero ndi Indonesia.

Ulendowu unalakwika poyambira pomwe. Ndege ya Ajapani inaziona sitimazi zitangochoka, ndipo kuyambira pamenepo mabomba sanaleke. Pozemba mabombawo zinachedwa, moti zitafika ku Betano zinapeza kuti kasitima kotchedwa Kuru, komwe zimayenera kukumana nako, kachoka kale. Zitakumana nako panyanja, Castlemaine inalandira anthu wamba a Chipwitikizi omwe Kuru inali itanyamula n'kubwerera nawo ku Darwin. Armidale inalamulidwa kuti ibwerere ku Timor ikamalize ntchito. Lamulo limenelo ndi lovuta kulimvetsa, chifukwa adani anali akudziwa kale pomwe sitimayo ili.

Pa 1 Disembala, itangokwana 3 koloko masana, ndege za Ajapani zinaizinga kuchokera mbali zosiyanasiyana. Mabomba awiri a torpedo anaimenya, ndipo inayamba kupendama. Richards analamula kuti aliyense achokemo. Teddy anathandiza kumasula choyandamira chimodzi. Ndegezo zinali zitayamba kuwombera anthu omwe anali m'madzi, ndipo iyenso zipolopolo zinamulasa pachifuwa ndi kumsana. Akanatha kudziponya m'nyanja monga anzake. M'malo mwake anakwawa pa sitima yopendamayo kubwerera kumfuti ya kumbuyo, n'kudzimangirira.

Mfuti ya Oerlikon ili ndi lamba yemwe wowombera amadzimanga naye kumsana, mapewa atatsamira pa zogwirira ziwiri, kuti thupi lonse lizitembenuza mfutiyo potsata ndege. Kudzimanga lambayo sitima ikumira ndi kusankha kumira nayo, ndipo munthu amene ankagwira ntchito pamfutiyo tsiku ndi tsiku ankadziwa zimenezo. Anagwetsa ndege imodzi, zina n'kutalikira anthu omwe anali m'madzi. Opulumuka anachitira umboni kuti mfutiyo inali ikulirabe pamene madzi ankaikwirira. Kunali kutatsala masiku 27 kuti akwanitse zaka 19.

Omwe anatsala pamadzi anavutika masiku ambiri. Richards ananyamuka ndi ena pa kaboti ka injini kukafuna thandizo, ndipo sitima ya Kalgoorlie inawatola pa 6 Disembala. Ena anakweza boti lobooka pamwamba pa matabwa oyandama, n'kulimata mmene akanathera, ndipo 29 a iwo anapulumutsidwa pa 9 Disembala. Otsala pa matabwa aja, ndege ya Catalina inawaona n'kuwajambula chithunzi akukweza manja, koma sinathe kutera chifukwa cha mafunde. Sanaonekenso. Pa anthu 149 anapulumuka 49. Mwa 100 omwe anafa, 40 anali ogwira ntchito m'sitimamo ndipo 60 anali a gulu la Adatchi lija. Anthu 60 amenewa nkhani zambiri zimangowadutsa, chonsecho ndiwo anali ochuluka pa omwalirawo, ndipo nawonso anali ana a eni ake.

Boma linangolemba dzina la Teddy pa mndandanda wa asilikali oyamikiridwa m'malipoti a nkhondo, basi. Nthawi imeneyo mamendulo a asilikali apamadzi a Australia ankavomerezedwa ndi akuluakulu a ku London, ndipo nkhani yake inangodutsa ngati mizere yochepa ya lipoti. Anzake omwe anaona zonse ali m'madzi sanakhutire, achibale ake ku Tasmania chimodzimodzi. Anadandaula kwa zaka makumi ambiri.

Anthu a ku Latrobe sanadikire kuti boma liyambe lavomera. Anamanga chipilala mumsewu wawo waukulu, ndipo kanjira koyambira pamenepo anakatcha dzina la mwana wawo. M'mbali mwa kanjirako anaikamo zikwangwani zofotokoza nkhondo zomwe asilikali a Australia anamenyako, moti woyendamo amawerenga za anthu ambiri pansi pa dzina la mnyamata mmodzi. Chimenechi ndicho chimandikhudza pa dzinali: linaperekedwa ndi anthu a kwawo, nthawi yomwe mabuku a boma ankamuwerengabe ngati msilikali wamba yemwe anangochita bwino pang'ono.

Boma linabwera pambuyo, mwapang'onopang'ono. Mu 2001 sitima yoyenda pansi pa madzi, HMAS Sheean, inayamba ntchito, ndipo inali yoyamba ku Australia kutchedwa dzina la msilikali wapamadzi wa udindo wotsika chonchi. Mu 2013 bwalo lounika za mamendulo linakana kumupatsa Victoria Cross, mendulo yaikulu koposa yoperekedwa chifukwa cha kulimba mtima. Nkhaniyi inaunikidwanso mu 2019 ndipo bwalolo linavomera, koma boma linakana. Anthu atakwiya, Nduna Yaikulu Scott Morrison anasankha gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Brendan Nelson, ndipo gululi linati mnyamatayo akuyenera mendulo. Mfumukazi Elizabeth II inavomereza mu Ogasiti 2020. Achibale ake analandira menduloyo ku Canberra pa 1 Disembala 2020, patatha zaka 78 ndendende chimirireni Armidale, ndipo Teddy Sheean anakhala msilikali woyamba wa gulu lankhondo lapamadzi la Australia kulandira Victoria Cross.