Pa Dothi, pa Sileti ndi pa Bolodi: Mbiri ya Kalasi ku Songani

Chigwa chimene chagona m'munsi mwa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa, kumene mtsinje wa Domasi utsika kulinga ku nyanja ya Chilwa, ndi kumene msika wa pa Songani usonkhanitsa anthu a m'dziko la Mfumu Malemia, chaona zambiri za kaphunzitsidwe ka ana aang'ono koposa zigwa zinzake. Pakuti ndi muno m'mene amishoni anautsa sukulu kusanabwere boma la atsamunda, ndi muno m'mene boma linasulira aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi, ndipo kufikira lero lino ndi muno m'mene mukonzedwa dongosolo la maphunziro ndi mabuku amene mwana wa ku Chitipa ndi mwana wa ku Nsanje atsegula tsiku limodzi. Koma mbiri imene tifuna kulondola si ya akuluakulu okhala m'maofesi ayi, koma ya zimene mwana achita ndi pakamwa pake ndi zala zake kuyambira pamene alowa m'kalasi kufikira pamene aweruka.

M'chaka cha 1884, patapita zaka zisanu ndi zitatu chikhazikitsidwire mishoni ya Blantyre, Alexander Hetherwick wa Church of Scotland anafika kudzakhala pa Domasi pakati pa Ayao, ndipo popeza anaona kuti sangaphunzitse ana m'chinenero chimene iye mwini sachidziwa, anadzipereka kuphunzira Chiyao, kotero kuti mu 1889 anatulutsa buku la malamulo ndi mawu a chinenerocho. Kuchokera pa mishoni imeneyi sukulu zinafalikira m'midzi. Sukulu ya m'mudzi ya masiku amenewo inali nyumba ya mitengo yomata ndi dothi, yofolera ndi udzu, imenenso inali nyumba ya mapemphero tsiku la Sabata. Mphunzitsi wake anali mlaliki yemweyo, mnyamata amene kawirikawiri anaposa ana ake ndi makalasi owerengeka chabe, ndipo ena a iwo, otchedwa amonitala, anali asanatsirize nkomwe maphunziro awo. Atayamba ndi nyimbo ndi pemphero, mphunzitsi ankapachika pakhoma pepala lalikulu la malembo, natenga kamtengo m'dzanja, naloza, natchula; ndipo ana onse, aang'ono pamodzi ndi anyamata omera ndevu, ankabwereza ndi liwu limodzi, a e i o u, kenaka ba be bi bo bu, mpaka maphatikizowo atasanduka nyimbo imene ngakhale mayi wosinja pamtondo kuseri kwa sukulu ankaidziwa pamtima. Itakwana nthawi yolemba, onse ankatuluka pabwalo, aliyense nasalaza dothi patsogolo pake ndi chikhato, nalemba ndi chala. Mphunzitsi ankayenda pakati pawo, wolakwa namufafanizira ndi phazi kuti ayambirenso. Sileti inali ya amene apita patsogolo, ndipo pepala linali chuma chosayenera kuseweretsa. Cholinga cha zonsezi sichinali chobisika: kuti munthu adziwerengere yekha Mawu a Mulungu, asanayambe kuyembekezera ubatizo.

Tisaiwale kuti m'midzi yomweyo munali sukulu ina, imene olemba mbiri ambiri aidumpha monga ngati kunalibe. Ayao ambiri a kuno anali atalandira Chisilamu, ndipo ana awo ankakhala pansi pamapazi a mwalimu, akulakatula Kurani mokweza onse pamodzi, ndi kulemba malembo a Chiarabu pa thabwa losalala limene ankatsuka phunziro likaloweka. Makolo amenewa pokaniza ana awo kupita ku sukulu ya mishoni sanatero chifukwa cha ulesi kapena kudana ndi nzeru, monga ena anawanenera, koma chifukwa anaona ndi maso awo kuti khomo la sukulu ndi khomo la tchalitchi linali limodzi, ndipo sanafune kugula malembo ndi chikhulupiriro cha ana awo. Mtengo wake anaulipira ndi zidzukulu zawo, pakuti kwa mibadwo ingapo ntchito za ukalaliki ndi uphunzitsi zinapita kwa ena. Koma chimene chiyenera kuzindikirika ndi ichi, kuti mwalimu ndi mphunzitsi wa mishoni, angakhale anasiyana pa za kumwamba, anagwirizana pa za kaphunzitsidwe: onse awiri anali ndi buku limodzi, ana ambiri, ndi liwu lawo, ndipo onse awiri anadalira kubwereza kwa chigulu.

Kubwereza kumeneku sikuyenera kunyozedwa ndi munthu amene sanaimepo patsogolo pa ana ochuluka wopanda buku lowagawira. Kumalimbitsa mtima wa mwana wamanyazi, kumakhomereza zinthu m'mutu kotero kuti nkhalamba za lero zikali kutchula matebulo a masamu osaphonya, ndiponso kumagwirizana ndi mwambo wathu wa nthano ndi nyimbo, m'mene mmodzi atsogolera ena navomera. Koma kuli ndi choipa chake chachikulu, chimene chatsata sukulu zathu kufikira lero, ndicho chakuti pakati pa mawu a ana makumi asanu mwana wosadziwa kanthu abisala bwino lomwe. Atsegula pakamwa pamene anzake atsegula, atseka pamene atseka, ndipo akhoza kutha chaka chathunthu akuimba malembo amene sangathe kuloza ngakhale limodzi. Chifukwa chake mphunzitsi wanzeru wa nthawi iliyonse wakhala akudziwika ndi chinthu chimodzi, ndicho kuletsa gulu, kuitana mwana mmodzi ndi dzina lake, ndi kuloza malembo mosatsata ndondomeko yake, kuti nyimbo isamuthandize.

Kwa zaka zambiri boma la Nyasaland linasiya ntchito yonseyi m'manja mwa mishoni, likupereka poyamba mapaundi 1,000 okha pachaka kuti mishoni zonse zigawane. Mu 1924 kunafika nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes, motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, ndipo pakati pawo panali James Aggrey, mwana wa Afrika wochokera ku Gold Coast; iwo anadandaula kuti sukulu za m'midzi zinali zoloweza pamtima chabe, zosakhudza munda, nyumba kapena thupi la mwana. Zipatso za ulendowo zinaoneka posachedwa, pakuti mu 1926 boma linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro, ndipo mu 1929 linatsegula pa Domasi sukulu ya Jeanes, yotchedwa ndi dzina la Anna Jeanes, mayi wa ku Philadelphia amene anapereka chuma chake kuthandiza sukulu za kumidzi za anthu akuda ku America. Mkulu wake woyamba anali Mbusa E. D. Bowman. Aphunzitsi osankhidwa ndi mishoni zawo ankabwera pamodzi ndi akazi awo ndi ana awo, nakhala m'mudzi wa chitsanzo. Amuna ankaphunzira kaphunzitsidwe, ulimi ndi ukalipentala, akazi ankaphunzira kusoka, kulera makanda ndi kusamala pakhomo, ndipo pambuyo pake ngakhale mafumu anayamba kuitanidwa kudzachita maphunziro a miyezi yowerengeka. Atatsiriza, mphunzitsi wa Jeanes ankabwerera kwawo kukayendera sukulu za m'midzi, osati monga woweruza wodzagwira zolakwa, koma monga mkulu wodzaonetsa mng'ono wake kagwiridwe ka ntchito.

Pamenepo tsiku la mwana linasintha maonekedwe. Ana anayamba kundanda m'mawa kuti mphunzitsi aone zikhadabo, mano ndi tsitsi. Sukulu inakhala ndi munda wake, dzenje la zinyalala ndi chimbudzi. Inakhala ndi nthawi ya ntchito zamanja, pamene anyamata ankasema mipini ndi zipande, naluka mikeka ndi madengu, atsikana naumba timiphika ndi kusoka. Ndipo masamu anatsika pa bolodi nalowa m'manja mwa ana, amene anayamba kuwerenga ndi timiyala, njere za chimanga ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi. Zimenezi zinali zabwino ndithu, pakuti mwana amene wamasula mtolo wa khumi ndi zala zake kuti achotsere, wamvetsa chimene mnzake wongoimba sanamvetse. Koma makolo ndi atsogoleri a mabungwe a eni dziko anali ndi funso limene silinali lopusa: kodi tituma ana athu kusukulu kuti akaphunzire khasu limene ife eni tikhoza kuwaphunzitsa, pamene ana a Azungu aphunzira zowakonzera kulamulira? Iwo anafuna Chingerezi ndi sukulu za sekondale, zimene sizinaoneke kufikira 1940 ku Blantyre ndi 1942 ku Zomba. Mbali zonse ziwiri zinagwira choonadi, ndipo chisoni chake ndi chakuti ntchito zamanja, zimene zikanakhala ulemu wa sukulu, zinadzasanduka m'malo ambiri chilango cha ochedwa ndi olongolola.

Amene anaphunzira m'zaka zotsiriza za atsamunda akumbukira makwerero ake: Sub A ndi Sub B, kenaka Sitandade 1 kukwera mpaka mayeso oopsa a Sitandade 6, amene ochepa okha ankawafikira. Popeza kalata za kubadwa kunalibe, mwana wofuna kuyamba ankauzidwa kudutsitsa dzanja pamwamba pa mutu kuti agwire khutu la mbali inayo, ndipo wolephera ankabwezedwa kuti akakule. Fizi inali yochepa pa maso a olemera, koma inali phiri kwa mayi wamasiye. M'kalasi munali masamu a pamtima m'mawa mutu ukali wozizira, kulemba zimene mphunzitsi akutchula, kukopera malembo okongola mzere ndi mzere, kulakatula ndi kuimba. Ndipo munalinso mkwapulo, umene ambiri autamanda lero atakalamba, kuiwala anzawo aja amene unawathamangitsa osabwereranso.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, ndipo Chichewa chitakwezedwa mu 1968 kukhala chinenero cha fuko, makalasi oyambirira m'dziko lonse anayamba kuphunzira m'Chichewa. Mibadwo ya nthawi imeneyo inakula ndi buku la Sosa, ndi Timve ndi Tsala pa Chingerezi, ndipo mabukuwo akumbukiridwa ndi chikondi choyenera. Koma kwa mwana wa kuno amene anayamwa Chiyao, tsiku loyamba la sukulu linali ndi katundu wowirikiza, kuphunzira malembo ndi kuphunzira chinenero cha malembowo nthawi imodzi. Ndipo mwana wotere ndiye amene kubwereza kwa chigulu kumamubisa koposa onse, pakuti akhoza kutchula bwino mawu amene tanthauzo lake salidziwa. Aphunzitsi achifundo, osadikira lamulo la munthu, akhala akutembenukira ku Chiyao pofotokoza chovuta, monga momwe Hetherwick anaonera kuyenera pachiyambi pomwe. Pa malo amene panali sukulu ya Jeanes ntchito yosula aphunzitsi inapitirira, ndipo kuyambira mu 1982 Malawi Institute of Education yakhala ikukonza pa Domasi dongosolo la maphunziro a dziko lonse.

Ndipo kunali, m'chaka cha 1994, boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo ana, amene anali osakwana 2 miliyoni, anafika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Palibe munthu wa mtima wabwino amene angadandaule kuti ana a amphawi analowa, pakuti ambiri a iwo anali ana a mabanja omwe aja amene mbiri inawasiya kunja. Koma walira mvula walira matope. Aphunzitsi pafupifupi 20,000 analembedwa ntchito asanasulidwe, nalangizidwa milungu yowerengeka chabe, ndipo maphunziro awo enieni anadza pambuyo, ali kale pantchito. Makalasi anasefukira pansi pa mitengo ya mango, bolodi litatsamira pa tsinde. Kalasi ya Sitandade 1 ya ana oposa 100 inaleka kudabwitsa munthu. Ndipo ana anabwerera kukalemba pa dothi monga anachitira agogo a agogo awo, osati chifukwa wina anasankha njira imeneyo, koma chifukwa makope sanakwane. Mphunzitsi woima patsogolo pa khamu lotere analibe pothawira pena koma ku kubwereza kwa chigulu.

Kuyambira pamenepo nzeru zambiri zatuluka pa Domasi zofuna kufikira mwana mmodzimmodzi. Dongosolo latsopano limene linayamba mu 2007 linalamula kuti ana azikhala m'magulu, azikambirana, ndi kuti aziyesedwa pang'onopang'ono chaka chonse. Aphunzitsi analimbikitsidwa kupanga zipangizo ndi zinthu zopezeka pafupi, zimene iwo atcha TALULAR, monga zitsekerero za mabotolo zowerengera, makatoni odula a malembo, zoumba za dongo ndi chingwe chopachikapo mawu, zimene mphunzitsi wa Jeanes akanazizindikira msanga monga zake zomwe. Ndipo kuyambira mu 2016 ndondomeko ya kuwerenga ya dziko lonse yaphunzitsa ana kumva liwu la lembo lililonse asanaliphatikize ndi linzake, mphunzitsi akuyamba yekha, kenaka pamodzi ndi ana, ndipo potsiriza ana paokha. Gawo lotsirizali ndilo mtima wa phunziro, ndipo ndilo limene kuchuluka kwa ana kumalimeza; pakuti ngakhale mphunzitsi atapatsidwa ola lathunthu kuti amve ana 100 mmodzimmodzi, aliyense sangalandire mphindi imodzi yokwanira. Boma linadziikira muyeso wa ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma makalasi a ana aang'ono, kumene kumvedwa kufunika koposa, ndiwo amene akhala kutali ndi muyesowo, pamene makalasi a pamwamba, opepuka chifukwa ambiri anagwa m'njira, ndiwo alandira zipinda zabwino ndi madesiki. Pakali pano aphunzitsi a makalasi oyambirira achita zimene angathe: asinthanitsa mizere kuti a kumbuyo abwere kutsogolo, aika mwana wodziwa pakati pa gulu kuti atsogolere anzake monga amonitala akale, ndipo ena, anzawo ataweruka, atsala ndi ana owerengeka amene malembo akali kuwakana, nawamva mmodzimmodzi.