Buti ya CV joint: momwe mungaisamalire isanakuphereni joint

Mukaima pamalo pomwe ma Sienta amatembenukira kuti abwerere mtauni, tcherani khutu. Simukhalitsa musanamve imodzi ikulira ka-ka-ka-ka kutsogolo, dalaivala akapotoza chiwongolero mpaka kumapeto n'kuponda moto. Phokoso limenelo ndi la CV joint yomwe yadyeka. Koma joint kawirikawiri siyamba yokha kudwala. Chomwe chimayamba kufa ndi kamphira ka makwinyamakwinya komwe kamaiphimba, komwe amakanika amati buti ya CV, ndipo pofika pomwe phokoso likumveka ndiye kuti kanang'ambika kalekale mwini galimoto osadziwa.

Nkhaniyi ndailemba chifukwa cha mitengo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene wapitako kukagula sipeya ku Biwi kapena mu Malangalanga akudziwa momwe zinthu zilili. Buti yatsopano pamodzi ndi girisi wake imagulidwa ndi kachigawo chabe ka ndalama ya joint, ndipo joint nayo ndi yotsikirapo poyerekeza ndi shafiti yonse. Mukachedwa, mumalipira zitatuzi motsatizana.

Joint imeneyi imagwira ntchito yanji?

Magalimoto ang'onoang'ono ambiri omwe timaitanitsa ku Japan, monga Vitz, Passo, Sienta, Honda Fit, Nissan Note ndi Mazda Demio, amakoka ndi matayala akutsogolo. Ndiye kuti matayala omwewo akukoka galimoto, akukhota, komanso akukwera ndi kutsika m'maenje, zonse nthawi imodzi. Chitsulo choongoka chochokera ku giyabokosi kupita ku tayala sichingapirire zimenezo, chingathyoke. N'chifukwa chake shafiti iliyonse ili ndi mfundo ziwiri zotha kupindika uku zikuzungulira. Zilembo za CV zikuimira mawu achingerezi akuti constant velocity, kutanthauza kuti tayala lizizungulira mosadukiza pa liwiro lofanana ndi la shafiti, ngakhale mfundoyo itapindika.

Joint yakunja, ya kufupi ndi tayala, nthawi zambiri imakhala ya mtundu womwe anaupanga Alfred Rzeppa, injiniya wa kampani ya Ford, m'zaka za m'ma 1920. Mkati mwake muli timipira tachitsulo, kawirikawiri 6, toyenda m'tingalande tosalala kwambiri, ndipo imatha kupindika madigiri oposa 40. Yamkati, ya kufupi ndi giyabokosi, pa magalimoto ambiri ndi yomwe amati tripod: ili ndi timagudumu titatu, sipindika kwambiri, koma imalowa ndi kutuluka kuti shafiti izitha kutalika ndi kufupika tayala likamadumpha. Mashafiti awiri, ma joint anayi, mabuti anayi. A minibasi ya Hiace yokoka ndi matayala akumbuyo nkhaniyi sikuwakhudza kwenikweni, koma a Hilux ya 4x4 ya masiku ano musadziyese opulumuka, kutsogolo kwanuko mabuti alipo.

Buti ili ndi ntchito ziwiri basi: kusunga girisi mkati ndi kutsekereza zakunja. Ikangoboola, shafiti pozungulira imamwaza girisi uja kunja, ndipo pabowo pomwepo pamalowa fumbi, mchenga ndi madzi. Girisi wotsalayo akasakanikirana ndi mchenga amasanduka phala lonola zitsulo ngati sandipepala, madzi nawo n'kubweretsa dzimbiri. Kumene misewu ndi ya tara yokhayokha joint ikhoza kupirirako ndithu. Kwathu kuno, komwe ukangochoka pa tara kulowa m'makwalala a ku Area 36, Area 25 kapena Kawale ukusambira m'fumbi chilimwe chonse ndi m'matope dzinja lonse, sichedwa.

Zomwe zimapha buti

Choyamba ndi zaka. Mabuti ena ndi a mphira yofewa, ena ndi a pulasitiki yolimbirapo, koma onse amauma ndi kutentha ndiponso mpweya, kaya galimoto ikuyenda kaya yangoimikidwa. Apa ndi pomwe ambiri timanamizidwa ndi makilomita. Galimoto yafika kudzera pa Dar es Salaam, wotchi ikuonetsa makilomita ochepa, mkati mukununkhira bwino, koma papepala ili ndi zaka zoposa 10 ndipo mabuti ake ndi omwe inatuluka nawo mufakitale. Mphira imawerenga zaka. Ine ndimati aliyense amene wangolandira galimoto yotere aonetse mabuti tsiku lomwelo akusintha oyilo koyamba.

Chachiwiri ndi mafuta. Oyilo wa injini kapena wa chiwongolero akamadonthera pa buti, mphira imafewa, kutupa, kenako kung'ambika. Buti yamkati ndi yomwe imavutika kwambiri chifukwa imakhala pansi penipeni pa injini, pena kufupi ndi paipi ya utsi yomwe imatentha koopsa. Galimoto ikamadontha oyilo, kusintha buti osatseka podonthapo n'kutaya ndalama.

Pa mafuta pomwepa pali chizolowezi cha m'malo ena otsukira magalimoto chomwe sindichimvetsa: kutsuka kunsi ndi dizilo kapena parafini, ena mpaka kupopera oyilo wakale ati kuteteza dzimbiri ndi kuti kuziwala. Zitsulo mwina zimakondwa, koma mphira iliyonse ya kunsiko ikudyeka, ndipo oyiloyo amakoka fumbi. Madzi ndi sopo wamba n'zokwanira. Makina opopera madzi mwamphamvu aja nawo asalunjikitsidwe pafupi ndi buti, makamaka m'mphepete momwe yamangidwira, chifukwa amatha kukankhira madzi mkati. Kutsuka kwenikweniko n'kofunika, musandimve molakwa. Matope akauma m'makwinya a buti amasanduka ngati miyala ing'onoing'ono, ndipo buti ikamapindika amaikhula.

Kenako pali kukweza galimoto. Magalimoto a ku Japan amakhala otsika, ndipo ambiri timaika ma spacer kuti asamagunde pansi pa mahampu. Maganizo ake ndi omveka, koma dziwani kuti mukakweza galimoto shafiti imakhala yopendekeka nthawi zonse, makwinya a buti amakhulana okhaokha mbali imodzi ndi kukokeka mbali inayo. Kukweza pang'ono sikuphetsa, kukweza mopitirira muyeso kumadya mabuti ndi ma joint omwe. Mashoko otha ndi ma mounting a injini oduka amachitanso chimodzimodzi, chifukwa shafiti imagwedezeka kuposa momwe inapangidwira.

Zina ndi za pamsewu: chitsa, waya, kapena jumbo yomwe yakulungika pa shafiti. Mukadutsa m'tchire kapena pamulu wa zinyalala, suzumirani. Pa kayendetsedwe, chomwe joint yakunja imadana nacho kwambiri ndi kuponda moto mwamphamvu chiwongolero chili kumapeto, ngati momwe amachitira madalaivala olimbirana makasitomala pa siteji. Potembenuka, yendani pang'onopang'ono, muponde moto matayala ataongoka.

Kuyang'ana nokha

Izi sizifuna makanika. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, potozani chiwongolero mpaka kumapeto mbali imodzi, zimitsani injini. Gwadani ndi tochi ya pafoni muyang'ane kuseri kwa tayala. Buti yakunja muiona, yakuda, yonenepa ku tayala ndi yowonda ku shafiti. Iyenera kukhala youma. Mukaona timadontho ta girisi wakuda mkati mwa rimu, pa shoko kapena pa zitsulo zozungulira pamenepo, ndiye kuti yaboola kapena kilampu yamasuka, ngakhale bowolo simukuliona. Tambasulani makwinyawo ndi zala, chifukwa ming'alu imayambira pansi pa khwinya, pobisika. Timing'alu tapamwamba ndi chenjezo loti nthawi yayandikira. Mng'alu wozama woti chikhadabo chikulowa, musadikirenso. Mukatero potozerani mbali inayo muone tayala linalo.

Chenjerani kuti musasokoneze ndi buti ya chiwongolero, yomwe ili chapafupi pomwepo. Iyo ndi yowonda, yaitali, ndipo sizungulira ndi tayala.

Mabuti amkati saoneka bwino galimoto ili pansi. Nthawi yabwino ndi posintha oyilo, galimoto ili pa dzenje la pagalaja. Muuzeni makanika akuonetseni ndi maso anu, ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Kulowa kunsi kwa galimoto yomwe yangoimikidwa pa jeki yokha ayi, jeki imagwa. Kupatula apo, ine ndimaona kuti pachaka pali nthawi ziwiri zosafunika kuphonya: mu Okutobala mvula isanayambe, ndi mu Epulo ikangodula.

Makutu nawo amathandiza, ngakhale kuti amanena mochedwa. Ka-ka-ka wa pokhota ndi joint yakunja. Yamkati ikatha sikonda kulira choncho, m'malo mwake galimoto imanjenjemera mukamaponda moto panjira yoongoka, n'kusiya mukachotsa phazi. Ambiri zikatere amathamangira kukabalansitsa matayala, vuto lili kwina.

Ikang'ambika, muchite chiyani?

Funso ndi limodzi: kodi joint yayamba kulira? Ngati sinayambe ndipo bowo ndi latsopano, kusintha buti yokha n'kokwanira. Ngati yayamba, buti yatsopano siichiza. Girisi watsopano akhoza kuchepetsa phokoso kwa masiku angapo, koma tingalande tija tadyeka kale ndipo sitibwerera. Makanika akakuuzani kuti "tingoika buti, bwana, phokoso lisiya lokha", dziwani kuti mudzalipira ntchito yomweyo kawiri.

Ndipo kusintha buti kuli ndi kasinthidwe kake. Ntchito yabwino ndi yomasula shafiti, kuchotsa joint, kutsuka girisi yense wakale mpaka zitsulo ziwale, kuumitsa, kuyang'ana ngati timipira ndi tingalande tilibe mabala, kenako kuthira girisi watsopano. Kutsukako ndi komwe ambiri amadumpha pofuna kufulumira, ndipo kuvalika buti yatsopano pa girisi wamchenga ndi kutsekera mdani m'nyumba. Musachite manyazi kufunsa musanagwirizane mtengo: "Achimwene, joint muitsuka kapena mungovalika buti?" Mmisiri wodziwa ntchito sakwiya ndi funso limenelo.

Girisi wake si aliyense. Joint yakunja imafuna girisi wakuda bii wokhala ndi molybdenum, yemwe amapirira kupanikizika kwa timipira tija. Girisi wa ma bearing wamba sakwanitsa. Yamkati ya tripod opanga ambiri amaipatsa girisi wina wofewerapo. Njira yosavuta ndi kugula buti ya m'bokosi yogwirizana ndi galimoto yanu, yomwe imabwera ndi kapaketi ka girisi ndi makilampu awiri, ndipo kapaketiko kathiridwe konse. Pitani ndi nambala ya chasisi pokagula, chifukwa ma Vitz a zaka zosiyana sakhala ndi shafiti yofanana.

Makilampu ndi pomwe ntchito zambiri zimaonongekera. Ayenera kukhala achitsulo, atsopano, ofinyidwa ndi pulayala yake. Ndaonapo mabuti omangidwa ndi waya, ndi timalamba tapulasitiki tomangira mawaya amagetsi, ngakhale ndi mphira ya chubu cha njinga. Waya amadula buti, timalamba timamasuka tikatentha, ndipo girisi amayamba kutuluka sabata lisanathe. Zoterezi, ngakhalenso kukulunga jumbo pa buti yong'ambika, ndi zokufikitsani pagalaja mukakhala kutali, osati zoyendera mwezi. Buti ya pulasitiki yolimba ija imafuna kufinyidwa kwambiri kuposa ya mphira, ndiye kumanga ndi manja sikungagwire n'komwe.

Pamsika palinso mabuti omwe amati amakwana galimoto iliyonse, omwe amawakoka pa chipangizo chosongoka kuti adutse pamwamba pa joint osaichotsa. Abwino ake amagwira ntchito, koma vuto ndi lomwe lija: joint yosachotsedwa situkidwa bwino. Ena ndi odula pakati omata ndi guluu, amenewo ndimawaona ngati ongodikirira. Buti yakale yochotsa pa galimoto ina musagule, mphira yake ndi yokalamba chimodzimodzi ndi yomwe mukutayayo. Ndipo buti imodzi ikafa ndi ukalamba, inzake ya pa shafiti yomweyo ili m'njira, bola kusinthiratu zonse ziwiri shafiti ikadali pansi.

Pobwezera, onetsetsani kuti buti sinapotoke, waya wa ABS sanakokedwe, ndipo nati yaikulu ya pakati pa tayala yamangidwa pa mlingo wake n'kukhomedwa kapena kuikidwa pini kuti isamasuke. Ngati shafiti inazulidwa ku giyabokosi, oyilo wina amatayika ndipo ayenera kubwezeredwa wa mtundu womwewo. Apa eni ma Fit, Note ndi Sienta ambiri asamale: giyabokosi yanu ndi ya CVT, yomwe imafuna oyilo wakewake. CVT ndi CV joint maina akufanana, koma ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndiye polankhula ndi wogulitsa sipeya tchulani bwinobwino.

Kwa amene akuyenda ndi joint yolira n'kumati ikadakoka, dziwani mathero ake. Tsiku lomwe idzathyoke, injini idzalira, giya idzalowa, koma galimoto sidzasuntha, chifukwa mphamvu yonse idzathawira ku shafiti yothyokayo. Pa galimoto ya otomatiki, giya ya P nayo sigwiranso shafiti imodzi ikaduka, galimoto imatha kutsetsereka yokha. Zikakuchitikirani pachitunda, kokani handibuleki musanachotse phazi pa buleki, ndipo muike mwala kuseri kwa tayala musanayambe kuimba foni.